Nyumba Zotseka za ku Mzimba

Tikanyamuka pa Jenda m'mamawa kulowera njira ya ku Embangweni, timasiya m'mbuyo amayi ogulitsa tomato, anyezi ndi mbatata ya kachewere m'mphepete mwa msewu wa M1. Ulendowu timauyenda kamodzi pa mwezi, ife odzipereka pa zaumoyo mumpingo wathu, titanyamula makina oyezera kuthamanga kwa magazi, sikelo ndi kabuku kolembamo mayina. Tikakhala ndi mlendo, safika patali asanafunse kuti, "Kodi nyumba zonsezi n'za ndani?" Pakati pa minda ya chimanga ndi mitengo ya masuku pamaoneka nyumba za njerwa zootcha, za malata ofiira kapena obiriwira, zina zili ndi sola padenga. Yankho lake mwana aliyense wa kuno amalidziwa: n'za a ku Joni.

Njira ya ku Joni inayamba kalekale. Azigogo athu ankapita wapansi ku migodi ya ku Rhodesia ndi ku South Africa, kenako bungwe la Wenela linayamba kuwanyamula. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha anthu oposa 70, ambiri mwa iwo Amalawi obwerera kwawo, ndipo Dr. Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu a ku migodi. Ntchitoyi inayambiranso patapita zaka zochepa pansi pa dzina la TEBA, n'kudzatheratu mu 1988. Komabe anthu sanasiye kupita. Lero anyamata ndi atsikana amakwera basi kudutsa ku Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, kukagwira ntchito m'nyumba za anthu, m'mashopu ndi m'minda ya maluwa. Ndalama zimene amatumiza ndi zimene zamanga nyumba zimene mlendo uja amadabwa nazo.

Mu Julayi, kukuzizira kwambiri monga mmene kumachitira kuno ku mapiri, tinafika pa imodzi mwa nyumbazi m'dera la Inkosi Mzukuzuku. Ili ndi zipinda zogona zinayi komanso matailosi mpaka pakhonde. Tinagogoda koma panalibe woyankha. Utsi unkatuluka m'kakhitchini kaudzu kuseri, ndipo kumeneko n'kumene tinapeza agogo ena aakazi atakhala pamkeka pafupi ndi moto, bulangete lili pamapewa.

"Monire agogo. Bwanji muli kuno, nyumba yaikulu ilipo?"

"Ana anga, imeneyo n'ja mwana wanga. Makiyi ndili nawo, koma ndingaipitse. Komanso usiku mumachita zii, ndimaopa ndekha."

Titawayeza, magazi awo ankathamanga kupitirira 140/90, malire amene achipatala amati munthu ayenera kuthandizidwa. Mankhwala anali atatha milungu itatu m'mbuyomo, ndipo panalibe wowaperekeza kuchipatala. Ankatsokomolanso chifukwa chogona mu utsi. Atatitsegulira nyumba ija tinapeza mipando ikadali m'mapulasitiki ake, mileme itadzaza kudenga, chiswe chitayamba kudya chitseko cha chipinda chimodzi. Mwini wake anali asanabwere kwa zaka zisanu ndi chimodzi.

Chimene chinkawasowetsa tulo agogowa chinali china. Mwana wawo anali ataimba foni kuti akufuna kugula nyumba ku Johannesburg, chifukwa ana ake anabadwira komweko ndipo akuphunzira komweko. "Ndiye iyi anamangira ndani?" anatifunsa. Tinalibe choyankha.

Madzulo ake tinalankhula naye pa WhatsApp, popeza ena mwa ife tinakulira naye limodzi. Sanalankhule mwachipongwe. Anati lendi ikumudyera ndalama mwezi ndi mwezi, ndipo zaka zikupita. Kenako anaseka n'kunena kuti, "Abale anga, ngakhale azungu akugula nyumba kunja. Ndinaona pa foni kuti ku Italy nyumba akugulitsa yuro imodzi, pachilumba penipeni."

Tinkayesa nthabwala, koma titafufuza tinapeza kuti n'zoona. Pa nyanja ya Mediterranean, imene ili pakati pa Africa ndi Ulaya, pali zilumba ziwiri zikuluzikulu za dziko la Italy, Sicily ndi Sardinia. Mudzi wa Ollolai, kumapiri a pakati pa Sardinia, unayamba kugulitsa nyumba zakale za miyala pa yuro imodzi. Mu 2019 tauni ya Sambuca ku Sicily inachitanso chimodzimodzi. Anthu a ku America, ku Britain ndi kwina anathamangirako, akulakalaka dzuwa, mitengo ya maolivi ndi moyo wosathamanga. Koma yuro imodziyo n'chiyambi chabe. Wogula amalonjeza kukonza nyumbayo m'zaka zitatu ndi ndalama zake, ndipo ku Sambuca ankayamba wapereka chikole cha mayuro 5,000. Nyumba zambiri zimakhala zodontha kapena zogumuka makoma. Kugula nyumbako sikupatsanso mlendo chilolezo chokhala m'dzikolo.

Chimene chinatikhudza ndi chifukwa chake nyumbazo zinatsika mtengo chotere. Achinyamata a m'midziyo anapita kukafuna ntchito ku mizinda ya kumpoto kwa Italy, ku Germany ndi ku America. Makolo atamwalira panalibe wobwerera. Ku Ollolai anthu anachepa kuchoka pa oposa 2,000 kufika pafupifupi 1,300. Titawerenga zimenezi tinakumbukira mileme ya m'nyumba ya agogo aja.

Mapiri omwewo a ku Sardinia ndi otchuka pa chinthu china: kuli amuna ambiri ofika zaka 100. Magazini ya National Geographic ya Novembala 2005 inatchula dera limeneli pamodzi ndi Okinawa ku Japan ndi Loma Linda ku California, kumene kuli Aadiventisti ambiri. Okalamba a kumeneko anakula akuweta nkhosa ndi kukwera zitunda tsiku lililonse. Chakudya chawo ndi nyemba, ndiwo zamasamba ndi buledi wophika okha, ndipo akakalamba amakhalabe pakati pa ana ndi adzukulu. Nyemba, nkhwani ndi zitunda ifenso tili nazo ku Mzimba. Chimene chikuchepa m'midzi yathu ndi munthu wodya mbale imodzi ndi agogo. Mlendo wogula nyumba ya yuro imodzi amapeza makoma ndi dzuwa, koma achibale ake amakhala atatsala kutsidya kwa nyanja.

Sitinamuuze mnzathuyo kuti asagule. Ana ake ayenera kukhala ndi pogona podalirika, ndipo malamulo a ku South Africa amalola mlendo kugula nyumba. Tinangomukumbutsa zinthu zimene banja lililonse liyenera kuganizira. Nyumba siisintha mapepala a munthu: ngati chilolezo chako chatha, chatha ndithu, ngakhale uli ndi nyumba. Mu Meyi 2008 anthu oposa 60 anaphedwa pa zipolowe zothamangitsa alendo, ndipo mu Epulo 2015 boma la Malawi linachita kutumiza mabasi kukatenga anthu athu ku Durban. Ambiri anabwera ndi chikwama chokha. Tinamuuzanso kuti asalipire ndalama kwa munthu wongokumana naye asanaone zikalata za nyumbayo ndi loya, komanso kuti mkazi wake adziwe zonse ndipo dzina lake lilembedwe. Funso lomaliza linali lakuti: m'nyumba imene ukugula kapena kumanga, usiku uno mugona ndani?

Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Ndamva, abale anga. Amayi sanandiuzepo kuti akugona m'khitchini."

Titabwereranso mu Ogasiti, nthawi ya mwambo wa Umthetho ku phiri la Hora, tinapeza zitseko zili zotsegula ndipo mabulangete ayanikidwa pakhonde. Mileme inali itathamangitsidwa, mipata ya kudenga itatsekedwa. Mwana wa mchimwene wake, mtsikana wa Fomu 2, anasamukira m'nyumbamo ndipo amagona chipinda choyandikana ndi cha agogo. Ndi iye amene amasunga kabuku ka kuchipatala n'kukumbutsa tsiku lokatenga mankhwala. Pa ndalama zimene zimabwera mwezi uliwonse, zina zimapatulidwa kukhala za ulendo wa kuchipatala.

Za nyumba ya ku Johannesburg sanamalize kuganiza, ndipo akuti adzakambirana ndi banja lonse akabwera mu Disembala. Agogo anatilandirira pabalaza, atakhala pamkeka wawo womwe uja umene auyala pa matailosi. Mipando sanaizolowere. Magazi awo anali atatsika, ndipo potsanzikana anatipatsa mtedza m'kathumba kuti tizidya m'njira yobwerera ku Jenda.