Eni Nkhokwe Ndi Angati?

Mu 1988, pasukulu ina ya sekondale yogonera konko m'chigawo chapakati, mtsikana wa Fomu 4 adakweza mkono m'kalasi ya Chichewa nayankha funso molondola. Aphunzitsi adamuuza kuti walakwa. Lero mtsikanayo ndi mayi wa imvi zake, amaphunzitsa sayansi ya ziyankhulo kuyunivesite, ndipo wachonga mayankho a ophunzira osawerengeka. Komabe yankho lake lija, limene lidakanidwa pamaso pa anzake onse, lidamukhala ngati munga wothyokera m'phazi.

Ndakatulo imene ankazukuta tsikulo siidali ya m'buku la boma. Adaipeka mnyamata wa m'kalasi momwemo, ndipo idatuluka m'kamagazini ka pasukulupo kamene ankasindikiza pa makina opukusa ndi manja. Inkanena za nkhokwe yaikulu, yomata bwino, yofoleredwa ndi udzu watsopano, imene alendo ankaiyamikira akamadutsa. Eni ake adaletsa aliyense kukwera kuti asuzumiremo. Ana a pakhomopo ankagona ndi njala, ndipo usiku ankamva anankafumbwe akukukuta m'katimo. Ndakatuloyo inkathera pomwepo, popanda langizo la kumapeto limene alakatuli a pasukulu ankakonda kuikapo.

Aphunzitsi adailemba pabolodi, adaiwerenga kawiri, kenaka adafunsa chimene ikunena. Mtsikana uja adaimirira nati, "Nkhokweyi ndi dziko lathu lino, ndipo eni ake…" Sadamalize. M'kalasi mudangoti zii.

"Khala pansi, walakwa," adatero aphunzitsi mosakweza mawu. "Mawu akuti dziko ukuwaona pamzere uti? Ndakatulo iyi ikunena za nkhokwe. Tiyeni tiwerenge zimene zalembedwa."

Nthawi yonse yotsala adaithera pa mawu. Adawerengetsa ophunzira maphatikizo a mzere uliwonse. Adawamvetsa mmene liwu la k lidabwerezedwera pofotokoza kukukuta kwa anankafumbwe, ndi mmene mvekero umodzi wokha udatsekera ndime yomaliza. Potsiriza adadula mzere kunsi kwa mawu akuti eni ake nafunsa kuti, "Kodi eni nkhokweyi ndi angati?" Belu lidalira wina aliyense asadayankhe.

Kuti munthu amvetse zii wa tsikulo ayenera kukumbukira nyengo yake. Kuyambira 1968 m'Malawi mudali lamulo lopatsa bungwe la boma mphamvu zounika ndi kuletsa mabuku, mafilimu, nyimbo ndi zisudzo. Buku la ndakatulo la Jack Mapanje, Of Chameleons and Gods, limene lidasindikizidwa ku London mu 1981, lidachotsedwa m'masitolo, m'malaibulale ndi m'masukulu mu 1985. Mu Seputembala 1987 mlakatuliyo adamangidwa ku Zomba ndipo adasungidwa kundende ya Mikuyu mpaka Meyi 1991, osaonekera kukhoti. Chaka ndi chaka Kamuzu Banda ankayendera minda nalengeza kuti anthu ake ali ndi chakudya chokwanira. M'dziko lotero mawu akuti nkhokwe sadali mawu wamba, ndipo panalibe ankadziwa kuti kazitape ndani.

Mtsikana uja zonsezi ankazidziwa mwa apo ndi apo. Chimene ankachidziwa bwino n'chakuti adanena zoona ndipo adanyozedwa.

Atafika kuyunivesite adapeza kuti zimene aphunzitsi aja adachita zili ndi mbiri yake. Ku Cambridge, I. A. Richards ankapatsa ophunzira ndakatulo zopanda dzina la wolemba kapena chaka, kuti aziweruze ndi mawu ake okha, ndipo zotsatira zake adazisindikiza mu 1929 m'buku la Practical Criticism. Ku America, mu 1946, Wimsatt ndi Beardsley adati kufunafuna cholinga cha wolemba n'kusokera, pakuti ndakatulo ikatuluka siikhalanso ya mwini wake. Mu 1967 Roland Barthes adapitirira apo nalengeza za imfa ya mlembi, kutanthauza kuti tanthauzo limabadwira kwa wowerenga. Mtsikanayo adaseka chiseko chowawa. Ku Paris mlembi ankafera papepala, pamene ku Zomba ankamukweza galimoto ya polisi ali wamoyo.

Mtima wake udakhazikika pa njira ina, imene imati nkhani iliyonse ili ndi mudzi wake ndi chaka chake, ndipo wozukuta afunse kuti panthawiyo ankalamula ndani, ankalima ndani, nanga ankadya ndani. Adawerenga Chinweizu, Jemie ndi Madubuike, amene mu 1980 adadzudzula akatswiri oyeza zolemba za mu Africa ndi muyeso wa ku Ulaya. Adawerenga Ngugi wa Thiong'o, amene naye adatsekeredwa mu 1977 pambuyo pa sewero la m'Chigikuyu, ndipo mu 1986 adatulutsa Decolonising the Mind. Pamenepo mlandu wa aphunzitsi aja adaugamula: adali munthu wamantha, wobisala kuseri kwa njira ya atsamunda. Atayamba kuphunzitsa, nkhani ya nkhokwe ankaisimba chaka chilichonse monga chitsanzo cha kuzukuta koipa.

Chidamusokoneza ndi ufulu umene adaulakalaka. Itadutsa referendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994, pakamwa padatseguka, ndipo ophunzira ake adayamba kunena poyera zimene kale zinkanong'onedwa. Poyamba adasangalala. Koma patapita zaka adaona kuti mayankho akufanana ngati njerwa za chikombole chimodzi. Njovu iliyonse ya m'nthano idasanduka Kamuzu, kalulu aliyense adasanduka womenyera ufulu, birimankhwe aliyense adasanduka mlakatuli wodzibisa. Tsiku lina adachonga pepala la wophunzira wanzeru ndithu, amene adatenga ndakatulo ya mwana wolira mayi ake omwalira naitanthauzira kuti ikudandaula za chipani chimodzi. M'masamba anayi onse wophunzirayo sadatchulepo mawu ngakhale amodzi a m'ndakatulomo. Malirowo sadawaone n'komwe.

Usiku umenewo mayiyo adazindikira chinthu chimene sadachikonde. Kawerengedwe kodumpha mawu n'kuthamangira munthu wobisika kuseri kwake sikadali kachilendo m'dziko muno. Ndimo mmene ankawerengera kazitape. Nayenso adali wozukuta ndakatulo, wa funso limodzi lokha: akunena ndani? Ophunzira ake ankafunsa funso lomwelo, kusiyana kwake kudali kwakuti iwo ankaombera m'manja pamene kazitape ankakanena kupolisi.

Padapita zaka zina asadalimbe mtima. Kenaka adamva kuti aphunzitsi aja akadali moyo, adapuma ntchito ndipo ali kumudzi kwawo, maso akuchita khungu. Adagula shuga, sopo ndi mafuta ophikira nanyamuka. Adawapeza pakhonde, atakhala pampando wandalema, wailesi ili pambali. Atalonjerana, mayiyo adadzitchula dzina ndi chaka chake.

"Ndakukumbukirani, mayi," adatero mkuluyo. "Ndinu a nkhokwe aja. Ndimamva kuti tsopano ndinu adokotala a mawu."

"Aphunzitsi, ndabwera ndi funso limene landivutitsa zaka zoposa 30. Kodi tsiku lija ndidalakwadi?"

"Mudayankha bwino kuposa onse."

"Nanga bwanji mudandikhazika pansi?"

Mkuluyo adazimitsa wailesi. "Mnyamata amene adalemba ndakatuloyo adakhala kumbuyo kwanu. Inu nkhope yake simunkaiona, ine ndinkaiona. Mukadamaliza chiganizo chanu, anthu 40 akadakhala mboni. Mlandu sukadakhala wanu nokha. Ukadakhala wake, wa bambo ake amene ankagwira ntchito m'boma, ndi wanga amene ndidalola kamagaziniko kutuluka ndisadawerenge bwino."

Adafotokoza kuti ndakatuloyo adaibweretsa m'kalasi mwadala. Ophunzira adali atayamba kale kunong'onezana kumalo ogona, ndipo iwo adaona kuti n'kwabwino kuti pakhale tanthauzo lovomerezeka, lolembedwa m'makope a onse, loti wina akadzafunsa adzaonetsedwe. Nkhanga zidapangana kusanapse. Mabuku a Richards adawaphunziradi ali kukoleji, ndipo ankawakhulupirira pang'ono. Koma tsikulo njirayo adaitenga monga mmene munthu amatolera chilichonse chili pafupi kuti afunditse mwana pamvula.

"Koma ndikufunseni," adapitiriza mkuluyo. "Funso langa lomaliza mukulikumbukira?"

Mayiyo adalikumbukira, ndipo pomwepo adachita manyazi, pakuti yankho lake ndi phunziro limene iye mwini amaphunzitsa ophunzira a chaka choyamba. M'Chichewa, a- amene amasonyeza kuchuluka kwa anthu ndi yemweyo amene amasonyeza ulemu kwa munthu mmodzi. Tikati eni ake adaletsa, tingathe kunena anthu ambiri a pakhomo, kapena munthu mmodzi wamkulu amene sitingamutchule mwachipongwe. Mnyamata uja akadalemba kuti mwini wake, nkhokweyo ikadakhala ya mlimi wamba. Posankha eni ake adasiya makomo awiri, lina lolowera womvetsa, lina lothawira iye mwini zikavuta. Ndale zonse za ndakatuloyo zidagona m'kachilembo kamodzi. Aphunzitsi adawatsogolera ophunzira mpaka pakhomo penipenipo, adaloza ndi choko, nasiya belu kuti liwapulumutse. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mtsikana wokwiya uja sadadekhe.

Apa mpamene mayiyo adaona kuti njira ziwiri zimene adaziika pankhondo moyo wake wonse zimadalirana. Wodziwa mbiri ya 1988 koma osayang'ana mawu akadangonena kuti ndakatuloyo ikutsutsa boma, zimene akadanenanso za ndakatulo ina iliyonse. Woyang'ana mawu koma osadziwa za maulendo oyendera minda akadaona a- wa matanthauzo awiri osamvetsa chifukwa chake mwana wa sukulu adafunikira pothawira. Luso la mnyamatayo limaoneka pokhapokha ziwirizi zikakumana.

Ndipo nzeru imeneyi siidachokere ku Cambridge kapena ku Paris. Mayi wosinja pamtondo amaimba dandaulo lake pa apongozi kapena pa mwamuna mwa zining'a. Mudzi wonse umamva, wonenedwayo amamvanso, koma palibe mlandu chifukwa ndi nyimbo. Leroy Vail ndi Landeg White, m'buku lawo la 1991 la Power and the Praise Poem, adaonetsa kuti ufulu wodzudzula kudzera m'nyimbo ndi mwambo wakale m'chigawo chino cha Africa. Wina akaimirira pabwalo n'kumasulira kuti nyimboyi ikunena uje, waswa chishango cha woimbayo. Nayenso womvera nthano sakhala duu. Amavomera kuti tilitonse, ndipo mwakutero amasenzako nthanoyo. Mu 1988 momwemo Steve Chimombo adatulutsa Malawian Oral Literature, mmene adayesa kumanga muyeso wa zaluso kuchokera m'mawu a Chichewa, nautcha ulimbaso. Anthu angatsutsane za muyesowo, koma funso lake lidali lolondola: kodi eni chiyankhulo amaweruza bwanji zaluso zawo? Limodzi mwa mayankho ndi lakuti amayang'ananso amene ali pabwalo, ndi chimene chidzagwere woimba mawu akamasuliridwa.

Mayiyo adafuna kupepesa, koma mkuluyo adamuletsa ndi dzanja.

"Musandiyeretse msanga. Inu mudakwiya, ndipo mkwiyo udakupititsani patsogolo. Koma ena m'kalasi muja adandikhulupirira. Adatuluka akudziwa kuti ndakatulo ndi kuwerenga maphatikizo basi, ndipo ena mwa iwo adakhala aphunzitsi. Ndidaphunzitsa choncho zaka zambiri, mpaka pena ndinkaiwala kuti ndikubisala. Itafika 1994 ndikadayenera kuuza ana kuti zija zidali za nyengo. Sindidatero. Mlandu suola."

"Nanga mnyamata uja?"

"Ali moyo. Adakhala mlangizi wa zaulimi, ali ndi zidzukulu. Amabwera kudzandiona." Mkuluyo adakhala chete pang'ono. "Sadalembenso ndakatulo ina. Kaya adaopa zimene mudanena inu, kaya adakhumudwa ndi zimene ndidanena ine, sindidamufunse."

Pobwerera, m'minibasi, mayiyo adalingalira kuti onse awiri adamulakwira mnyamatayo, aliyense ndi njira yake yozukutira. Mmodzi adafuna kumuvula pagulu pofuna choonadi, wina adamuuza pamaso pa anzake kuti zimene adalemba n'zankhokwe chabe. Mabuku a kuzukuta amakamba za mlembi, mawu ndi wowerenga ngati mfundo zitatu zoti munthu asankhepo imodzi. M'kalasi muja onse atatu adalimo, ndipo mlembi adali mwana wa zaka 18 amene ankatuluka thukuta kumbuyo kwa wowerenga wake.

Nkhani ya nkhokwe akuisimbabe kwa ophunzira ake, koma kasimbidwe kadasintha. Ambiri mwa iwo adabadwa chipani chimodzi chitatha kale, choncho amayamba wawafotokozera za 1968, za Mikuyu ndi za maulendo oyendera minda. Kenaka amawauza zimene ndakatuloyo inkanena, monga momwe akuikumbukira, pakuti kamagazini kaja kadatayika. Wina akathamangira kutchula dzina, samukhazika pansi. Amamupempha kuti aloze mawu amene amufikitsa pamenepo. Akatero amalemba pabolodi kuti eni ake, amadula mzere kunsi kwake, nafunsa funso la aphunzitsi aja. Amaonetsetsa kuti walifunsa nthawi ikadalipo, ndipo amadikira mpaka wina ayankhe.