Okonda Harry Potter sakuphunzira ufiti

Makolo anzanga a kwa Chimaliro, musamanyoze ana anu akamabwerekana mabuku a Harry Potter n'kumakambirana za nkhaniyo pa WhatsApp mpaka usiku. J.K. Rowling analemba mabuku 7 a Harry Potter, loyamba linatuluka mu 1997, lomaliza mu 2007. Mwana amene wamaliza onsewo wawerenga masamba masauzande a Chingerezi popanda womukakamiza. Kuno kuminda ya tiyi buku ndi losowa ndiponso lodula, choncho gulu la anzake ndilo limakhala laibulale yake. Mmodzi akapeza buku, onse apeza, ndipo womvetsa amafotokozera wotsalira.

Ena amati mabukuwa amaphunzitsa ufiti. Nkhawayo ndi yomveka, koma ifenso tinaleredwa ndi nthano za Kalulu wolankhula, za mizimu ya ku Sapitwa paphiri la Mulanje, ndi za Napolo amene Steve Chimombo anamulemba m'ndakatulo zake. Palibe amene anasanduka mfiti chifukwa chovomera kuti "tili tonse". Mwana amadziwa kusiyanitsa nthano ndi zenizeni, ndipo phata la nkhani ya Harry ndi mwana wamasiye amene akupulumuka chifukwa cha anzake okhulupirika. Ena amati ndi zachizungu. Zoona, koma wozolowera kuwerenga ndiye amene mawa adzafunafuna buku la Azotus the Kingdom la Shadreck Chikoti, mwinanso kulemba nkhani yake m'Chichewa kapena m'Chilomwe. M'malo momulanda bukulo, mufunseni akufotokozereni nkhaniyo, kenako inu mumusimbire nthano ya kwanu.