Helikoputa ya m'bokosi inandiphunzitsa kudekha

Ife amene tinakula pa nthawi ya nkhondo sitinkakondwa tikamva kulira kwa helikoputa. Ikamveka kuseri kwa mapiri kwathu ku Angónia, amayi ankatikokera pansi pa mitengo. Nkhondo itatha mu 1992 tinabwerako ku Dedza kumene tinathawira, ndipo m'pamene tinayamba kuona mahelikoputa oyera a United Nations akudutsa popanda munthu wothawa. Ine ndinali katswiri wa magalimoto a mawaya, tsono ndinapanganso helikoputa yanga ya mawaya, mapiko ake a chitini. Sinauluke, koma chilakolako sichinandichoke.

Lero ndimakhala mu bairro ya Josina Machel muno mu Tete, ndipo ntchito yanga ndi yokonza mafiriji ndi mafani. Chaka chatha mwana wa mlongo wanga, amene amagwira ntchito ku Johannesburg, anabwera ndi bokosi. "Amalume, paja munkati mukufuna ndege. Nayi, koma muimange nokha," anatero akuseka.

M'bokosimo munali timatumba ta timabawuti tating'ono ngati mpunga, mota, batire, mapiko awiri, wailesi yoiwongolera ndi kabuku ka malangizo ka m'Chingerezi. Kabukuko ndinangoona zithunzi zokha. Mumtima ndinkati munthu amene ndatsegula mafani osawerengeka sindingaphunzitsidwe ndi pepala kumanga chidole.

Madzulo a tsiku lachitatu inali itaima pa tebulo pakhonde. Ndinaikiratu mapiko pofuna kuti anansi aone kukongola kwake, kenaka ndinalumikiza batire. Mwana wanga wotsiriza, wa zaka 8, anaimirira pafupi, chibwano chili pa tebulo. Ndinaona kuti ndikakankha kamtengo ka pa wailesi kumanja, ndege ikupendekera kumanzere. Ndinalowa m'makonzedwe a wailesi kuti nditembenuze, koma m'malo motembenuza chiwongolero ndinatembenuza mzere wa moto. Pomwepo mota inalandira lamulo loti ithamange ndi mphamvu zonse.

Abale anga, zinachitika ngati mphezi. Inabangula, kuswa kapu ya tiyi, n'kudumpha. Ndinaponya mkono kutchinga nkhope ya mwana, phiko n'kunditema pamwamba pa chikhatho. Kuchipatala anandisoka kanayi. Mayi a kunyumba sanakalipe, anangondifunsa kuti: "Inu bambo, chikanakhala diso la mwanayu mukananena chiyani kwa anthu?" Usiku umenewo tulo sindinatione.

M'mawa ndinatsegula kabuku kaja, mwana wanga wamkulu akundithandiza Chingerezi. Chenjezo linalipo, lolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu: pokonza wailesi, chotsani mapiko ndi kuzula mawaya a mota. Akuluakulu sananame, safunsa anadya phula.

Ndinaiphwasula yonse n'kuyambiranso, ndipo ulendo uno inanditengera milungu itatu. Zimene ndinaphunzira ndikufuna ndigawane nanu, chifukwa mabokosi otere ayamba kufika ndi ana athu ochokera ku South Africa.

Choyamba, chinthuchi si chidole. Mapiko a yangayi akatambasuka amakwana masentimita 70, ndipo amazungulira koposa ka 2,000 pa mphindi imodzi. Nsonga ya phiko imathamanga kuposa makilomita 250 pa ola. Mu 2013 ku New York mnyamata wa zaka 19, wodziwa bwino kuulutsa, anafa pomwepo helikoputa yake yaikulupo itamutema m'mutu.

Chachiwiri, helikoputa imanjenjemera, ndipo kunjenjemerako kumamasula mabawuti. Bawuti iliyonse yolowa m'chitsulo imafuna kadontho ka mankhwala omatira ulusi, aja a buluu. Koma musawathire pa pulasitiki chifukwa amaing'alula. Mapiko awiri alemere mofanana. Lina likapepuka mumatapo kachidutswa ka tepi mpaka alingane. Phiko long'aluka silimatidwa, limatayidwa.

Chachitatu ndi dongosolo loyatsira. Wailesi ndiyo imayamba, kamtengo ka moto kali pansi ndiponso batani loletsa mota litatsekedwa. Batire ya ndege imabwera pambuyo. Pozimitsa mumayamba kuzula batire, wailesi pomaliza.

Chachinayi chikutikhudza kwambiri ife a ku Tete. Mabatire ake, otchedwa LiPo, sagwirizana ndi kutentha, pamene kuno mu Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40. Batire yosiyidwa padzuwa, m'galimoto kapena pafupi ndi denga la malata imafufuma, ndipo ikabooka imayaka moto wovuta kuzimitsa. Yanga ndi ya maselo atatu, ikadzaza imafika mavoti 12.6, ndipo imafuna tchaja chakechake. Ndimaitchaja panja pamthunzi, m'mphika wadothi wothiramo mchenga, ine ndili pompo. Kutchaja usiku anthu ali mtulo m'nyumba mwanga ndinaletsa.

Chomaliza ndi malo. Muno mu Josina Machel nyumba n'zothithikana, mawaya a magetsi ali paliponse, ndipo ana akamva kulira kwachilendo amathamangira komweko. Kutsidya kwa Zambezi nakonso kuli bwalo la ndege la Chingodzi, kumene munthu sayenera kuyandikira ndi chouluka chilichonse. Za mlengalenga m'dziko muno zili m'manja mwa bungwe la IACM. Ine ndimapita kunja kwa mzinda m'mamawa mphepo isanadzuke, pabwalo lopanda anthu, nditapempha kwa eni malo. Woonerera aliyense amaima kumbuyo kwanga.

Tsiku loyamba ndinaimangirira timitengo tiwiri topingasa kunsi kwake kuti isagudubuzike. Ndinabwerera m'mbuyo mapazi khumi, manja akunjenjemera, n'kukweza moto pang'onopang'ono. Inanyamuka kufika m'mawondo, kuima m'malere kamphindi, fumbi lili koboo, kenaka ndinaitsitsa bwinobwino. Zaka zoposa 30 chipangireni ya mawaya ija, ndinaulutsa helikoputa. Misozi inalengeza, sindikubisa.

Mwana uja anandikoka malaya. "Ababa, ine ndidzaulutsa liti?" Ndinamuonetsa chipsera cha padzanja langa n'kumupatsa kabuku kaja. Tinapangana kuti akadzatha kundiuza pamtima zoyenera kuchita asanalumikize batire, ndidzamugwiritsa wailesi. Pakali pano wafika pa tsamba lachisanu, ndipo Loweruka lililonse ndiye amayendera mabawuti onse tisananyamuke.