Dzina Limene Ndinalemba ndi Inki

Anzanga akandiona mwezi wa Malichi nditawerama pa kapepala, ndikulemba ndi kufufuta, amayesa ndikukonza mayeso. Ayi ndithu. Ndimakhala ndikulosera maina a anyamata amene adzavale malaya a Chicago Cubs pa tsiku lotsegulira masewero a baseball ku America. Ndikudziwa kuti ena mwaseka kale. Sekani, koma mundimvere.

Matendawa ndinawatenga kwa bambo ena achikulire amene ndinkachita lendi m'nyumba mwao pamene ndinali pa maphunziro ku Chicago. Iwo ndiwo anandiphunzitsa kuti timu imasewera masewero 162 pa chaka, ndi kuti isanayambe imatenga anyamata ambirimbiri kupita nawo ku Mesa, ku Arizona, kukayesana luso. Pomaliza amasankhapo owerengeka: masiku amenewo anali 25, lero ndi 26. Ena mwa otsalawo amawatumiza ku matimu aang'ono, monga ya ku Iowa, kuti akadikire. Tsono ine ndi bambowo tinkalemba aliyense mndandanda wake, ndipo wophonya maina ambiri ankagula khofi sabata yathunthu.

Mu 2015 ndinadziona ngati ndakhwima. Oponya mpira ndinawandandalika mosavuta: Jon Lester amene anali atangofika kumene, Jake Arrieta, Jason Hammel, Travis Wood ndi Kyle Hendricks. Wowakha kumbuyo ndinaika Miguel Montero, pa ngodya yoyamba Anthony Rizzo, pakati Starlin Castro, chakumpanda Dexter Fowler ndi Jorge Soler. Onsewa ndinawalemba ndi pensulo, poti munthu amavulala. Koma pa ngodya yachitatu ndinatenga cholembera cha inki n'kulemba kuti Kris Bryant. Mnyamatayu anali ndi zaka 23. Chaka cha 2014, ali ku matimu aang'ono, anamenya mpira kuutulutsa kunja kwa mpanda ka 43, ndipo pa masewero oyeserera aja anautulutsa ka 9, kuposa wina aliyense. Nanga munthu wotere mungamsiye bwanji?

Bambo aja anayang'ana pepala langa, nandionetsa lao. Pa malo omwewo panali Mike Olt. "Mwana wanga," anatero, "iwe ukuwerenga mipira, anzako akuwerenga masiku."

Anandifotokozera motere. Wosewera amakhala womangika ku timu yake mpaka atakwanitsa zaka 6 mu ligi yaikulu, ndipo pamenepo ndi pamene amamasuka kukadzigulitsa kumene afuna. Koma chaka chimawerengedwa chathunthu pokhapokha wakhala pa mndandanda masiku 172. Akaperewera ngakhale tsiku limodzi, timu imamsunga chaka china chonse. Ine ndinakana. Ndinati anthu ofuna kupambana sangasiye mkondo wao wakuthwa m'nyumba chifukwa cha kalendala.

Pa 30 Malichi Bryant anamchotsa m'gulu la osankhidwa, akuluakulu a timu nanena kuti akufunika kukapsa pa kawakhidwe. Pa 5 Epulo masewero anatsegulidwa ku Wrigley Field, Olt ali pa ngodya ija, ndipo St. Louis Cardinals inatigonjetsa 3 kwa 0. Olt atavulala dzanja, Bryant anaitanidwa pa 17 Epulo. Chaka chitatha masiku ake anakwana 171. Khofi ndinagula.

Sunga khosi mkanda uoneka, amatero akuluakulu, ndipo kwa Bryant unaonekadi. Anasankhidwa kukhala wopambana mwa osewera atsopano mu 2015, ndi wopambana mwa onse mu National League mu 2016. Chaka chomwecho Cubs inatenga World Series koyamba chitengereni mu 1908, ndipo amene anatola mpira womaliza n'kuponyera Rizzo anali Bryant yemweyo. Koma mlandu wa tsiku limodzi lija, umene bungwe la osewera linamdandaulira, anagonja nawo mu 2020. Woweruza sanapeze timu yolakwa.

Mwina mukufunsa chimene chinandiwawa ine mlendo, poti mnyamatayo analemera ndithu. Si khofi ayi. Usiku wa pa 30 Malichi uja ndinalephera kugona chifukwa cha msuweni wanga. Tinali limodzi mu Sitandade 8, ndipo masamu amene ine ndinkatuluka nawo thukuta iye ankawachita pamtima akusenda chinangwa. Mudzi wonse unali utalemba kale dzina lake ndi inki. Maina a opita ku sekondale atafika, langa linalipo, lake panalibe. Anamuuza kuti adikire mndandanda wachiwiri. Anabwereza kalasi, nadikiranso, kenaka anakwatira. Palibe amene anatiuza chimene chinawerengedwa, ndipo ine sindinafunse, poti ndinali kalikiliki kulongedza sutikesi. Bryant anadikira masiku 12, nyuzipepala zikumfuulira, maloya akumlembera makalata. Msuweni wanga lero amakonza njinga pansi pa mtengo, ndipo ndikapita kumudzi amanditchula kuti aphunzitsi, osaseka n'komwe.

Tonse amene tili pa sukulu pano tinalowa kudzera pa mndandanda, ndipo ena a ife tsopano ndife olemba mindandanda. Timakonda kukhulupirira kuti amene analowa ndiye anayenera. Nthawi zambiri ndi zoona. Koma amene amalosera maina chaka ndi chaka amaphunzira kufunsa za uja watsala pakhomo, ndi za chimene chamtsalitsa.

Mu 2022 malamulo anasintha pang'ono: awiri oyamba pa chisankho cha wosewera watsopano wopambana mu ligi iliyonse amapatsidwa chaka chathunthu, ngakhale anaitanidwa mochedwa. Kumeneko anthu anakangana mpaka china chinasuntha.

Ine ndimalembabe. Maina 25 ndimalemba monga anandiphunzitsira bambo aja, kuwerenga mapangano, ndalama ndi masiku, pensulo ili m'manja. Koma limodzi ndimasankha mnyamata amene ndikuona kuti akuyenera, n'kulilemba ndi inki. Kawirikawiri ndimaphonya.