Kutsokomola kwa MGB ku Highfield

Mkulu wina wa ku Highfield, mumzinda wa Harare, ndi mtchona amene anachoka ku Dedza mu 1964. Ankatsuka MGB ya bwana wawo ku Avondale, ndipo mzunguyo, posamuka mu 1980, anawasiyira galimotoyo m'malo mwa penshoni.

Atakalamba, iwo ndi mdzukulu wawo anaphwasula injini yonse, nasakasaka mapisitoni ndi magasiketi ku Gazaland ndi ku Siyaso. Atamanganso, anailiza. Inatsokomola, inalavula moto m'makabuleta ake awiri a SU, kenaka zii.

Mnyamatayo anati vuto ndi batire. Mkuluyo anakana, nati batire lofooka silibweza moto m'mbuyo. Kwa masiku atatu anapukuta mapulagi, nayesa petulo, osaphula kanthu. Tsiku lachinayi analondola mawaya a mapulagi ndi chala, kuyambira pa distributor. Moto uyenera kuyenda 1-3-4-2, koma mawaya awiri anali atasinthana malo.

Injini italira bwino, mdzukulu anafunsa m'Chishona kumene alowere. Agogowo anayankha m'Chichewa: Nyamapanda, Tete, Dedza. Anatchula njirayo mosadodoma, ngakhale onse amene akanawalandira kumudzi anatsikira kale kulichete.