Miyendo musagwire

Ife a ku Palabana tinaphunzira kugwetsana kubusa, ng'ombe zili kudya. Nzeru inali imodzi: werama, gwira miyendo yonse iwiri, mnzako pansi khu! A wrestling amacita zomwezo mpaka lero. Judo nayo inali nako kugwetsa kumeneku, morote-gari, koma mu 2010 bungwe la IJF linakuletsa pa mpikisano.

Tsono mwana wa mlongo wathu atayamba judo ku Lusaka, cimene tinamuphunzitsa ife ndico cinamupatsa cilango. Anabwera atakwiya nafe. Tinamutonthoza ndi nkhani ya Mathews Punza, amene anagonjetsa Golan Pollack ku Rio mu 2016, miyendo ili yoletsedwa kale.

Anangoti, "Amalume, gwirani kolala muone."

Tinagwira, kuseri kwa khola. Msana ukali kuwawa.