Madzi a mng'ono wanga ku Alberta

Ku Alberta, m'dziko la Canada, kuzizila kwa mu Januwale kumafika madigili 30 pansi pa zilo. Kumeneko ndiye kukhala mng'ono wanga, m'kanyumba ka mawilo kamene amakacha RV. Muli bedi, sitovu, bafa na tanki ya madzi. Anasankha kukhalamo cifukwa lendi ikanadya ndalama zimene amatumizila amai za mankhwala a shuga.

Ana a m'kalasi mwanga ndimawaphunzitsa kuti madzi akaundana amafufuma: malita 100 amafuna malo a malita pafupifupi 109. Amene anaiwalapo botolo lodzala mu filiza adziwa mmene limaphulikila. Kwa ife limakhala botolo cabe. Kwa iye ni mapaipi, pampu na giza, ndipo kukonzetsa zimenezi kungadye ndalama za amai.

Ndiye amacita kuwalela madzi. Paipi yocokela ku pompi ya panja saisiya usiku. Amadzaza tanki masana, malita 150, kenako amacotsa paipi, kuikhutula na kuilowetsa m'kati. Malita amenewo ni zigubu 7 na hafu za malita 20, ndipo amatha nawo wiki yonse popeza amasambila ku nchito. Pansi pa RV anachingapo kuzungulila kuti mphepo isamapite. Zitseko za kabati ya pansi pa sinki amazisiya zotsegula kuti kutentha kufike ku mapaipi. Madzi otsukila mbale sawalola kumadontha pang'onopang'ono, cifukwa amaundana m'paipi mpaka kuitseka. Amadikila tanki yake idzale, n'kutaya onse kamodzi. Ali na mankhwala apinki a propylene glycol oletsa kuundana. Aja a mu injini ya motoka, ethylene glycol, ni poizoni, safika pafupi na madzi akumwa.

Koma zonsezi zimadalila hita ya gasi wa propane, imene imapemelelanso mpweya wotentha pansi pomwe pali tanki. Tsiku lina foni inalila 11 koloko m'mawa ndili ku sukulu. Kwao inali 2 koloko usiku.

"Akulu, gasi wa hita watha. Nili na kasitovu ka pamsasa, niyatse nigone?"

"Iwe, usayese," ndinamuyankha. "Waiwala mbaula?"

Caka ciliconse mu Juni na Julaye timamva za anthu m'makomboni mwathu amene analowetsa mbaula m'cipinda, natseka mawindo, osaukanso. Mpweya wa carbon monoxide sununkha ndipo suoneka. Umakakamila ku magazi pamalo pa oksijini, munthu n'kupitilila ali m'tulo. Kasitovu m'kanyumba kotseka kangacitenso cimodzimodzi.

Anakhala cete pang'ono, kenako ndinamva akuvala jombo. Anakhutula tanki, giza na mapaipi onse, natsegula mapompi, napopela mankhwala apinki aja m'mapaipi. Madzi a masiku asanu anatayikila pa sinoo. Ananyamula cigubu cimodzi ca akumwa cimene amasunga pafupi na bedi, napita kukagogoda kwa mnzake wa ku nchito.

Zithunzi zimene amaika pa Facebook ni za jekete yaikulu na sinoo yoyela mbee, ndipo anzake a kuno amalemba kuti, "Mudala wafika." Za usiku uja tidziwa awili. Kutaca anagula gasi, anatsuka mapaipi mpaka upinki unatha, nadzazanso tanki. Palibe paipi inang'ambika, ndipo ndalama za amai zinafika pa tsiku lake.